Funsani Akadaulo: Mbendera ndi Nyali Zolankhulira Panyanja

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo akuzungulira nkhani imodzi: mmene sitima zankhondo zimalankhulirana ndi mbendera komanso nyali zothwanima, ndi zimene oyenda panyanja yathu angatolepo. Oyankha ndi akadaulo a zapamadzi amene amatithandiza pa tsamba lino. Mafunso ena tawafupikitsa.

Akuluakulu, masiku ano ngakhale msodzi ali ndi foni m'thumba. Nanga asilikali apamadzi amavutikiranji ndi nsalu ndi nyali? Si zachikale zimenezi? — Bambo wa ku Luwinga

Bambo, n'zakale ndithu, koma sizinathe ntchito. Vuto la wailesi ndi loti imaulula pamene muli. Mukangodina batani n'kulankhula, mawu amamwazikira mbali zonse, ndipo mdani safunika n'komwe kumva zimene mwanena: amangoyeza mbali imene mawuwo achokera. Akayeza ali malo awiri osiyana, pamene mizere iwiriyo yakumana pamapu ndi pomwe pali sitima yanu. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkapezeka motero m'nyanja ya Atlantic chifukwa chotumiza malipoti pa wailesi. N'chifukwa chake gulu la sitima zankhondo limalamulidwa nthawi zina kuti wailesi zonse zikhale duu. Komatu sitimazo ziyenerabe kukhota limodzi, kusintha liwiro ndi kuthirana mafuta zili pa ulendo. Mbendera imaonedwa ndi okhawo ali pafupi, nyali yolozedwa bwino imaonedwa ndi amene mwamuloza, ndipo palibe makina amene angazitsekereze monga amatsekerezera wailesi.

Chifukwa china n'chodziwika kwa aliyense wokwera boti: madzi akalowa m'mawaya, wailesi yatha, ndipo pakati pa nyanja netiweki ya foni simungaidalire. Nsalu ndi chingwe sizifuna magetsi.

Palinso nkhani ya chinenero. Woyendetsa wa ku Nkhata Bay, wa ku Mbamba Bay ku Tanzania ndi wa ku Metangula ku Mozambique akhoza kukumana pamadzi amodzi, wina Chitonga, wina Chiswahili, wina Chipwitikizi. Mbendera ya V ikakwera, onse atatu awerenga chimodzi: ndikufuna thandizo. Buku la zizindikirozi, International Code of Signals, linayamba kutuluka ku Britain mu 1857. Limene likugwira ntchito panopa linavomerezedwa mu 1965 ndi bungwe loona za maulendo apanyanja padziko lonse, lomwe lero ndi IMO, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1969. Kuyambira mu 1999 sitima zamalonda zinasiya kudalira Morse (kutumiza zilembo ndi timadontho ndi timizere) wa pa wailesi popempha thandizo, koma wofuna setifiketi ya ofesala woyendetsa sitima amayesedwabe kutumiza ndi kuwerenga SOS (chizindikiro chopempha thandizo pangozi) ndi zizindikiro za chilembo chimodzi pogwiritsa ntchito nyali.

Ndili Fomu 3 ndipo ndimalakalaka ntchito ya pasitima. Kodi mbenderazi zilipo zingati, ndipo munthu amalemba nazo mawu chilembo ndi chilembo? — Mtsikana wa ku Katoto

Mwana wathu, seti yathunthu ya mayiko onse ili ndi mbendera 40. Za zilembo, A mpaka Z, zilipo 26. Za manambala, 0 mpaka 9, zilipo 10, ndipo n'zazitali zochepa kumapeto. Zolowa m'malo zilipo 3. Yotsala ndi yoyankhira, ya mizere yofiira ndi yoyera. Mitundu yake ndi isanu yokha: kufiira, buluu, chikasu, kuda ndi kuyera, chifukwa imeneyi ndiyo imasiyanitsika patali. Asilikali amawonjezera zawo zolamulira kakhotedwe, liwiro ndi kandandalikidwe ka sitima, ndipo ali ndi buku lawolawo la matanthauzo. Akafuna kulankhula ndi sitima yamalonda amakweza yoyankhira ija pamwamba pa uthenga, kusonyeza kuti ziwerengedwe monga mwa buku la mayiko onse.

Kulemba chilembo ndi chilembo kumatheka koma kumadya nthawi, ndiye kumasungidwira mayina. Pa nkhondo ya ku Trafalgar pa 21 Okutobala 1805, uthenga wotchuka wa mawu 9 wa Nelson, mkulu wa sitima zankhondo za Britain, unakwezedwa maulendo 12, ndipo 4 mwa maulendowo anathera pa liwu limodzi lomaliza lomwe linalembedwa chilembo ndi chilembo. Luso lagona poti mbendera imodzi inyamule chiganizo chathunthu. Zofunika kuloweza msanga ndi izi. A, yoyera ndi buluu yamphanda kumapeto: pansi pa madzi pali munthu, dutsani patali ndiponso pang'onopang'ono. B, yofiira yamphanda: ndanyamula kapena ndikutsitsa katundu woopsa monga mafuta. O, yofiira ndi chikasu yogawidwa mopingasa: munthu wagwera m'madzi. P, yabuluu yokhala ndi bokosi loyera pakati: padoko, onse akwere, sitima ikunyamuka. U, mabokosi anayi ofiira ndi oyera: mukulowera pangozi. V, yoyera yokhala ndi mtanda wofiira wopingasa: ndikufuna thandizo. W: ndikufuna thandizo lachipatala. L: imani pompo. K: ndikufuna tilankhulane. C ndi inde, N ndi ayi. Koma N ikakhala pamwamba pa C pa chingwe chimodzi, tanthauzo lake ndi loti tili pangozi yaikulu, bwerani msanga.

Uthenga wa zilembo ziwiri ndi wa nkhani wamba, monga AN, ndikufuna dokotala. Wa zilembo zitatu woyamba ndi M ndi wa zachipatala.

Zolowa m'malo zija n'zimene zimasokoneza ophunzira ambiri. Sitima ikhoza kukhala ndi seti imodzi yokha, ndiye nambala 1100 iilemba bwanji poti 1 ndi mmodzi, 0 ndi mmodzi? Yolowa m'malo yoyamba imabwereza mbendera yoyamba kuchokera pamwamba, yachiwiri imabwereza yachiwiri, yachitatu imabwereza yachitatu. Choncho mumamanga 1, kenako yolowa m'malo yoyamba, kenako 0, kenako yolowa m'malo yachitatu. Ambiri amathamangira kuika yachiwiri pomalizira poganiza kuti 0 ndi nambala yachiwiri imene yaoneka. Ayi, mumawerenga malo pa chingwe, ndipo 0 ali pamalo achitatu.

Limbikirani masamu, sayansi ndi Chingelezi. Sukulu ya zapamadzi ili ku Monkey Bay. Musanalipire fomu iliyonse, kayezetseni maso ngati amasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira, chifukwa wosasiyanitsa mitundu iwiriyi saloledwa kuyendetsa sitima.

Ndinaona pa kanema sitima zisanu zikukhota nthawi imodzi ngati zamangidwa pa chingwe chimodzi. Amadziwa bwanji kuti nthawi yokhota yakwana, komanso kuti mnzawo wamva? — Mphunzitsi wa ku Chibanja

Aphunzitsi, funso lanuli ndiye pagona mutu wa nkhani yonse. Uthenga suwerengedwa kuti wapita kufikira wolandira atayankha, ndipo kayankhidwe kake kali ndi masitepe awiri osiyana: ndaona, ndi ndamvetsa.

Zimayenda motere. Wotumiza amamanga mbendera pa chingwe n'kuzikweza mpaka pamwamba penipeni. Ngati pa chingwe chimodzi pali magulu awiri a uthenga, pakati pake amaikapo kachingwe kopanda mbendera ka mamita 2 kuti owerenga asawaphatikize. Wolandira akangoona, amakweza mbendera yoyankhira kufika theka la njira. Apo akuti ndaona, ndikuwerenga. Akatsegula buku n'kupeza tanthauzo, amaikweza mpaka pamwamba. Apo akuti ndamvetsa. Wotumiza amatsitsa, wolandira amabwezera yoyankhira ija pa theka, kudikira gulu lotsatira. Uthenga ukatha, wotumiza amakweza yoyankhira payokha. Ngati mbendera mwaziona bwino koma tanthauzo silikumveka, yoyankhira isachoke pa theka, ndipo mukweze ZL, kutanthauza kuti ndalandira koma sindinamvetse.

Asilikali amawonjezerapo kanthu. Sitima iliyonse imabwereza uthenga wonse wa mkulu pa mlongoti wake, choyamba pa theka, kenako pamwamba ikamvetsa. Kubwerezaku kumafikitsa uthenga kwa sitima zakumbuyo, komanso kumamuonetsa mkulu ngati wina wawerenga molakwika. Zonse zikafika pamwamba, mkulu amatsitsa mbendera zake mwamphamvu, ndipo kutsitsako ndiye lamulo loti chitani tsopano. Mbendera zikadali m'mwamba palibe amagwira chiwongolero. Zimene munaona pa kanemazo ndi zimenezi. Powerenga amayambira pamwamba kutsika, ndipo zingwe zikakhala zingapo amayambira chakunja kulowa chamkati.

Theka lija ndi chitetezo, ndipo kulinyozera kunaphetsa anthu. Pa 22 Juni 1893, kufupi ndi Tripoli wa ku Lebanon, sitima zankhondo za Britain zinkayenda m'mizere iwiri yotalikirana pafupifupi mamita 1,100. Mkulu wa gululo, George Tryon, ali pa HMS Victoria, anakweza lamulo loti mizere yonse iwiri ikhotere mkati n'kubwerera. Kuti sitima imodzi itembenuke inkafuna malo oposa mamita 700, ndiye ziwiri zokhotera kumodzi zinkafuna oposa 1,400. Wachiwiri wake, Albert Markham, ali pa HMS Camperdown, anaona kuti masamuwo sakukwana ndipo anachedwa kuvomereza. Tryon anamufunsa kuti akudikira chiyani, Markham n'kuvomereza. Camperdown inabaya Victoria m'nthiti, ndipo pasanathe mphindi 15 Victoria inamira ndi anthu 358, Tryon ali momwemo. Mbendera zinawerengedwa bwinobwino tsiku limenelo. Ife pophunzitsa timaumirira kuti amene akukayika asakweze mpaka pamwamba chifukwa choopa nkhope ya bwana.

Zolakwika zina n'za mphepo ndi utsi. Mphepo ikamachokera kwa wowerenga kapena kulowera kwa iye, mbendera imaoneka m'mphepete mokha, mtundu osadziwika. Kukakhala bata imangolendewera. Dzuwa likakhala kumbuyo kwake, mitundu yonse imada. Pa nkhondo ya ku Jutland pa 31 Meyi 1916, lamulo la David Beatty, mmodzi wa akuluakulu a sitima zankhondo za Britain, loti sitima zikhote linakwezedwa pa mbendera, koma gulu la sitima zake zinayi zamphamvu kwambiri, lomwe linali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8, silinathe kuwerenga, ndipo lamulolo silinabwerezedwe msanga ndi nyali. Pomwe ankazindikira, mpatawo unali utawirikiza. Nzeru yake ndi yoti uthenga wofunika ukapanda kuyankhidwa, utumizidwenso pa njira ina nthawi yomweyo.

Ndili ndi maboti awiri a injini amene amanyamula katundu pakati pa Nkhata Bay ndi Usisya. Ndikufuna anyamata anga azitha kulankhulana ndi tochi usiku. Tiyambire pati? — Wamalonda wa ku Chibavi

Achimwene, yambirani pa nyali yeniyeniyo. Pa sitima zankhondo babu silizimitsidwa. Nyali yaikulu, yotambalala masentimita 30, imayaka mosalekeza ndipo kutsogolo kwake kuli timapale totseguka ndi kutsekeka ndi chogwirira. Yaing'ono ya m'manja, yotchedwa Aldis, ili ndi kagalasi mkati kamene kamapendeka mukakoka ndi chala, ndiponso choyang'anira pamwamba cholozera. Anapanga choncho chifukwa babu la waya limachedwa kuzima, ndiye kuwala kumodzi kumalowerera mu kunzake. Njira yolankhula ndi nyali yothwanimayi inakhazikitsidwa mu gulu lankhondo la Britain m'zaka za m'ma 1860 ndi Philip Colomb.

Inu gulani nyali ya LED yoponya kuwala patali, ya mavoti 12. Ya mawati 10 imakoka mphamvu yosafika ampeya imodzi, ndiye batire laling'ono la 7Ah likhoza kuiyatsa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Likhale batire lakelake, losalumikizidwa ndi la injini. Matochi ambiri a pamsika amasintha kawalidwe mukadina batani kachiwiri, kenako n'kuyamba kuphethira okha. Oterowo muwasiye oyaka, muzitseka ndi kutsegula ndi chivindikiro cha poto kapena kathabwa kakuda. Dzanja lokha limadutsitsa kuwala pakati pa zala.

Kenako nthawi. Morse ali ndi kadontho ndi kamzere. Kadontho ndi muyeso umodzi, kamzere miyeso itatu. Mdima wa pakati pa zigawo za chilembo chimodzi ndi muyeso umodzi, pakati pa zilembo itatu, pakati pa mawu 7. Poyamba tengani theka la sekondi ngati muyeso umodzi, ndipo muzitumiza zilembo pafupifupi 12 pa mphindi. Buku limaika zilembo 40 pa mphindi ngati liwiro la ozolowera, koma musathamangire kumeneko. Cholakwika chachikulu cha oyamba kumene ndi kutalikitsa kadontho n'kufupikitsa kamzere mpaka ziwirizi zifanane. Kuli bwino kadontho kafupike mopitirira. China ndi kuiwala mdima wa pakati pa zilembo: E (·) wotsatana ndi T (–) popanda mpata amasanduka A (· –).

Dongosolo la kukambirana lili ngati odi wa pakhomo, simulowa musanamve kuti lowani. Woitana amathwanimitsa AA AA AA mpaka atayankhidwa. Woitanidwa amayankha TTTT mpaka woitana atasiya. Woitana amatumiza DE ndi dzina la boti lake, mnzake n'kubwereza n'kutchulanso lake. Kenako uthenga, ndipo liwu lililonse likatha wolandira amapereka kamzere kamodzi, T. Akapanda kupereka, musapitirire, bwerezani liwulo. Mukalakwitsa, tumizani timadontho tambiri totsatana, EEEEEE, mubwerere pa liwu lomaliza limene munalemba bwino. AS ndi dikirani. RPT ndi bwerezani. Pomaliza AR, ndipo wolandira amatseka ndi R.

Anyamata anu asayambe ndi zilembo zonse 26. Zisanu ndi chimodzi izi zikwanira ntchito yanu: K (– · –) tilankhulane, U (· · –) mukulowera pangozi, V (· · · –) ndikufuna thandizo, W (· – –) pali wodwala, F (· · – ·) boti lafa, lankhulani nane, O (– – –) munthu m'madzi. Onjezani zitatu za kayendetsedwe, zimene zili m'malamulo a mayiko onse opewera kugundana: kuthwanima kumodzi ndikukhotera kumanja, kuwiri ndikukhotera kumanzere, kutatu injini yanga ikubwerera m'mbuyo. Kuthwanima kusanu kapena kuposa kofulumira ndi kufunsa kuti mukuchita chiyani, sindikukumvetsani. Zilembeni pa pepala, mulimate m'pulasitiki, mulikhomere pafupi ndi woyendetsa.

Polandira pakhale anthu awiri. Mmodzi maso ake asachoke pa nyali, azitchula chilembo mokweza, wina azilemba. Wowerenga akangowerama kuti alembe yekha, zilembo ziwiri zamudutsa. Potumiza, nyali muigwire m'manja, miyendo motangadza, mawondo ofewa. Mukaimangirira pa boti, funde lililonse limachotsa kuwala pa mnzanu ndipo iye amaona ngati kamzere kaduka pakati, K n'kusanduka zina. Ndipo musaloze nyali yamphamvu m'maso mwa woyendetsa mnzanu ali pafupi. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowerenso mdima, ndiye kwa nthawi yonseyo mwamuchititsa khungu pakati pa miyala. Ali pafupi, phimbani nyali ndi pulasitiki wofiira kapena muiloze pamadzi patsogolo pake.

Phunzirirani kumtunda, pabwalo la mpira madzulo, wina goli ili wina goli linalo, mphindi 15 tsiku lililonse. SOS musamayesere m'mbali mwa nyanja.

Kodi nyali imafika mtunda wautali bwanji? Ena akuti ya mphamvu ikhoza kuoneka kutsidya kwa nyanja. — Wophunzira wa pa Mzuni

Chimene chimadula mtunda kawirikawiri ndi kupindika kwa dziko, osati mphamvu ya nyali. Masamu ake: pezani sikweya ruti ya kutalika kwa diso lanu pamwamba pa madzi, m'mamita, muchulukitse ndi 3.6, ndipo mupeza makilomita ofika pamene madzi akumana ndi thambo. Wokhala pansi m'bwato, diso pa mita imodzi, amaona makilomita 3.6. Pa mamita 4 ndi makilomita 7, pa mamita 9 ndi pafupifupi 11. Chitaninso chimodzimodzi ndi kutalika kwa nyali, muphatikize. Nyali ya pa mamita 9 ndi diso la pa mita imodzi zimaonana mpaka makilomita 14 kapena 15. Kuposa apo, ngakhale nyali ikhale ya mphamvu chotani, mungoona mbuu kumwamba. Koma munthu atakwera phiri la mamita 100 m'mbali mwa nyanja, mzere wake umafika makilomita 36. Midzi ya kumpoto kuno ili ndi mwayi umenewu, mapiri ali pamadzi pomwe, ndipo nyali yolondolera maboti ikaikidwa pamtunda imaposa kutali ya pamchenga.

Mbendera sizifika kutali choncho. Ya mita imodzi, ndi diso lokha, mapangidwe ake amayamba kusokonekera mtunda ukamayandikira kilomita. Ndi magalasi oonera patali a 7x50 mukhoza kuwerenga makilomita angapo. Utsi wa moto wa tchire wa mu Seputembala ndi Okutobala, komanso mvula, zimadula mitunda yonseyi kwambiri.

Ndine telala mumsika waukulu. Mwini malo ogona alendo kunyanja wandipatsa oda ya mbendera za A, O, V, N ndi C za boti lake. Ndisoke bwanji kuti zilimbe? — Mayi wa ku Zolozolo

Mayi, sankhani nsalu ya poliyesitala kapena nayiloni yopepuka. Ya thonje imamwa madzi, imalemera n'kukana kuuluka, ndipo imachita nkhungu ikapindidwa yonyowa. Pa boti laling'ono, masentimita 45 m'litali la chingwe ndi 60 m'mbali youluka n'zokwanira. Zonse zikhale zofanana kukula.

Mtundu uliwonse udulidwe pawokha n'kulumikizidwa ndi msoko wopinda kawiri, wonga wa m'mbali mwa jinzi. Mukasokerera mtanda wofiira wa V pamwamba pa nsalu yoyera mbali imodzi yokha, wakumbali inayo aona mbendera yotuwa. Musokerere mbali zonse ziwiri molingana. Mbali ya chingwe ikhale ndi lamba wa kanivasi wa masentimita 4, mkati mwake mudutse chingwe cha mamilimita 5 kapena 6 chosokereredwa kuti chisaseseleke. Pamwamba muike kamtengo kopingasa, pansi musiye chingwe cha masentimita 15 chokhala ndi diso, kuti kamtengo ka mbendera yotsatira kalowemo. Kamtengoko kamathandizanso kudziwa kumwamba kwa mbendera mumdima. Kumapeto kouluka ndi kumene kumayamba kuthetheka, ndiye pindani katatu, mudutse mizere itatu, ndipo m'makona mubwereze.

Mapangidwe musawasinthe ngakhale pang'ono. A: theka loyera kuchingwe, theka labuluu kunja, lodulidwa mphanda. O: dulani kuchokera kona ya pamwamba ya kuchingwe kutsikira kona ya pansi yakunja, chofiira pamwamba, chikasu pansi. N: mabokosi 16 abuluu ndi oyera, anayi anayi, loyamba pamwamba kuchingwe labuluu. C: mizere isanu yogona, buluu, yoyera, yofiira, yoyera, buluu. Buluu akhale wakuda bwino ndipo chikasu chikhale chowala, poti dzuwa lathuli limasulutsa msanga. Muwauze eni bizinesiyo kuti mbendera yofiira ikayamba kutuwa isinthidwe, ndipo A azikweza pokhapokha pamene alendo alidi pansi pa madzi. Ikamauluka tsiku lonse, oyendetsa maboti amasiya kuilemekeza.

Mwana wanga ndi siginala (woyatsa nyali zokopera nsomba) pa gulu lopha usipa ku Nkhata Bay. Mwera ukawomba sindigona. Atakhala pamavuto usiku, foni yanyowa, angaitane bwanji thandizo? — Mayi wa ku Mchengautuwa

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo pali zimene mwanayo angakonzekere lero. Vuto la malo ophera usipa ndi loti nyali zimakhala mbwee. Tochi yongoyaka, kapena yogwedezedwa mwachisawawa, imasowa pakati pa nyali zinazo, ndipo woiona amangoti anthu ali pa ntchito. Chimene chimakopa diso ndi kuwala kwa dongosolo kobwerezabwereza. Choncho ayambe waphimba kapena kuzimitsa nyali zokopera nsomba, atsale ndi imodzi. Ndi imeneyo apereke SOS: kufupi katatu, kutali katatu, kufupi katatu, zonse zisanu ndi zinayi motsatana osapumira pakati. Awerenge mpaka 10 mumdima, abwereze. Achite kasanu kuloza kumtunda, kasanu kuloza kumene kuli maboti ena, kenako apumitse batire mphindi zingapo akuyang'ana yankho. Wina akayankha, asazimitsenso. Aisiye yoyaka kuti obwerawo alondole.

Kukacha ali pamadzi, zizindikiro zovomerezeka ndi izi. Kutambasula manja onse awiri m'mbali n'kumawakweza ndi kuwatsitsa pang'onopang'ono mobwereza, atakhala kapena atagwada ngati mafunde ndi aakulu. Kugwedeza dzanja limodzi kumaoneka ngati moni. Kukweza pa nkhafi nsalu ya makona anayi, pamwamba kapena pansi pake pali chinthu chozungulira monga mpira kapena chigubu. Utsi nawo umawerengedwa, koma moto m'bwato momwe muli petulo ndi ngozi ina, komanso panyanja yathu utsi wakuda patali umafanana ndi mtambo wa nkhungu zouluka zija, ndiye anthu a kumtunda akhoza osaulabadira.

Mugulireni kagalasi kodziyang'anira kokwana m'thumba. Dzuwa likawala, kamafika kutali kuposa tochi iliyonse masana. Atambasule dzanja limodzi, zala ziwiri atazitangadza, boti kapena mudzi umene akuufuna uoneke pakati pa zalazo. Galasi aligwire pafupi ndi diso, aponye kuwala pa zala zija, n'kumalipendeketsa pang'ono kuti kuwala kuzidutsa pakati pake katatu katatu.

Tochi ikhale yosalowa madzi, kapena ikulungidwe m'mapepala awiri apulasitiki pamodzi ndi mabatire apadera, ndipo imangiriridwe pa jekete yoyandamitsa pamodzi ndi wezulo, osati kuikidwa pansi m'bwato. Likagudubuzika, za pansi zonse zimapita. Ndipo akhale pansi ndi mwini zida, anzake a pagulu ndi a komiti ya padoko, agwirizane kuti woona SOS ayankhe ndi kuwala kutatu kwakutali, kuti ndani adzutse mwini boti la injini, komanso kuti malita 10 a petulo osungira ngozi azikhala m'nyumba ya yani.